Kupangira kasitomala sisitemu: kayendetsedwe ka ntchito kuchokera pa foni yoyamba mpaka kupereka makiyi

Mwini sukulu yapulaiveti akakuimbirani foni n'kunena kuti, "Achimwene, tikufuna kasisitemu ka fizi, kakang'ono chabe, mutichita zingati?", musatchule mtengo. Nambala imene mungaiponye pafoni tsiku limenelo ndi imene adzaigwire mpaka mapeto, ngakhale ntchito itakula katatu. Yankhani kuti mubwera kudzaona kaye momwe amagwirira ntchito, ndipo mtengo mudzaupereka polemba.

Malangizowa tawamanga pa chitsanzo chimodzi, sisitemu ya pakompyuta yolandirira fizi pasukulu ya ana pafupifupi 600, koma njira yake ndi yomweyo kaya mukupangira SACCO, famase, kapena shopu ya hadiweya ya nthambi ziwiri. Mfundo yoyenda nayo ponseponse ndi yakuti chimene simunalemberane, simunagwirizane.

Yambirani mu ofesi ya akauntanti

Mwini sukulu amadziwa zimene akufuna kuona, koma amene amadziwa momwe ndalama zimayenderadi ndi akauntanti. Pemphani kukhala mu ofesi mwawo tsiku limodzi kapena awiri, makamaka sabata yotsegulira teremu pamene mzere wa makolo wafika pakhonde. Khalani pakona ndi kope, muzingoyang'ana. Mudzaona bambo wina akutulutsa slip ya kubanki yopindapinda m'thumba la malaya, inki itafufutika theka. Mayi wina akuonetsa uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba pa foni ya mabatani. Akauntanti akulemba lisiti m'buku la kaboni, ndipo madzulo anthu onse atapita, akukopera zonsezo mu Excel. Tengani chitsanzo cha pepala lililonse limene lagwira ntchito tsikulo, mayina a anthu atabisidwa.

Mukaona zimene zimachitika masiku onse, funsani za zimene zimachitika mwa apo ndi apo, chifukwa n'zimene zimagwetsa sisitemu. Nanga kholo limodzi likalipirira ana atatu pa slip imodzi, ndalamayo mumaigawa bwanji? Mwana wa aphunzitsi amalipira yonse kapena theka? Wolowa pakati pa teremu? Ngongole ya teremu yatha imapita kuti, ndipo kholo likabweretsa ndalama, imayamba yatseka ngongole yakale kapena fizi yatsopano? Amalume a mwana akatumiza ndalama kuchokera ku Johannesburg m'dzina lawo, mumazindikira bwanji kuti ndi ya mwana uti? Lisiti likalembedwa molakwika, ndani ali ndi mphamvu yolifafaniza? Funso lililonse pamenepa ndi masiku angapo a ntchito amene simukanawaona pafoni paja. Safunsa anadya phula.

Yang'ananinso zida. Makompyuta alipo angati, ndi akale bwanji, pulinta ndi yotani, netiweki imagwira mu ofesimo kapena mpaka munthu atuluke panja. Funsani zimene amachita magetsi akazima. Ngati intaneti imadukaduka, muyenera kusankha panopa ngati sisitemu ikhale pa seva (kompyuta yosunga ndi kuyendetsa sisitemu) ya pamalopo, pa intaneti, kapena yotha kulemba malisiti popanda intaneti n'kudzatumiza ikabwera. Njira yachitatuyi ndi yabwino kwa wogwiritsa ntchito koma ndi yodula kupanga, ndipo kuisintha ntchito ili pakati kuli ngati kukumba maziko nyumba itafika pa lintala.

Musanachoke, funsani funso ili mosazungulira: ndani amene mawu ake ndi omaliza pa ntchitoyi? Akhale munthu mmodzi, dzina lake lilowe m'chikalata. Mwini sukulu, ahedi ndi akauntanti akamakutumani aliyense payekha, mudzapanga masisitemu atatu ndi ndalama ya imodzi. Ndipo gawo lofufuzali muzilipiritsa, ngakhale pang'ono. Kasitomala wokana kulipira masiku atatu a kafukufuku adzavutanso pa ndalama yaikulu.

Lembani chikalata cha ntchito

Masamba 5 mpaka 10 ndi okwanira, m'chilankhulo chimene akauntanti angawerenge osafuna womasulira. Chofunika ndi chakuti chiganizo chilichonse chikhale choti munthu angachiyese n'kunena kuti chatheka kapena sichinatheke. "Sisitemu izitulutsa malipoti" si chiganizo cha ntchito, ndi khomo la mkangano. Lembani motere: "Akauntanti akasankha kalasi ndi teremu, sisitemu ionetse mayina a ana onse, fizi yoyenera, yolipidwa ndi yotsala, ndipo mndandandawo uthe kusindikizidwa pa pepala la A4 kapena kutsitsidwa mu Excel."

Gawani zofunazo m'milu itatu: zoti popanda izo sisitemu singayambe, zofunika koma zotha kudikira, ndi zongosangalatsa. Kasitomala poyamba amaika zonse pa mulu woyamba. Mufunseni kuti, "Teremu itatsegulidwa mawa ichi palibe, mungalephere kulandira fizi?" Mulu uja umachepa wokha.

Tsamba lofunika kuposa onse ndi la zinthu zimene simudzapanga. Lembani poyera kuti malipiro a aphunzitsi mulibe, zotsatira za mayeso mulibe, pulogalamu ya pafoni ya makolo mulibe, kugula makompyuta ndi kukonza pulinta si ntchito yanu. Zimaoneka ngati mwano, koma tsambali ndi limene lidzasunge ubale wanu m'mwezi wachitatu.

Kenako jambulani masikirini, kaya papepala kaya mu pulogalamu yojambulira ya Figma, muwaike patebulo pamaso pa akauntanti, muwapemphe kuti "alembe lisiti" pogwiritsa ntchito chala. Anthu ambiri amavomera chikalata asanachimvetse, koma akaona chithunzi amalankhula msanga: "Apa pakusowa nambala ya slip." Kukonza zimenezo papepala ndi mphindi 2. Akakhutira, asaine chikalata ndi zithunzi zomwe.

Kuwerengera nthawi ndi mtengo

Dulani ntchito m'tizidutswa, kalikonse ka masiku ochepa. Kachidutswa kakakana kudulika, ndiye kuti simunakamvetse. Pa kalikonse lembani manambala atatu: masiku ngati zonse zayenda bwino, masiku amene mukuyembekeza, ndi masiku ngati zavuta. Phatikizani yoyamba, yachiwiri kuchulukitsa ndi 4, ndi yachitatu, kenako gawani ndi 6. Mwachitsanzo 2, 4 ndi 12 zikupatsani masiku 5, osati 2 amene mtima umafuna kulonjeza.

Chimene ambiri amalakwitsa ndi kuwerengera kulemba khodi (malamulo amene kompyuta imatsatira) kokha. Misonkhano, maulendo opita kusukuluko, kuyesa, kusamutsa deta yakale, kuphunzitsa ogwira ntchito ndi kulemba malangizo, zonsezi zimadya masiku ndipo zilembedwe pa mzere wakewake. Musawerengenso maola 8 pa tsiku. Munthu amene akuyankha mafoni, kudikira magetsi ndi kukonza za makasitomala akale, akagwira maola 5 enieni wagwira ntchito.

Siyanitsani zolipira m'makwacha ndi zolipira m'madola. Hosting (lendi ya malo pa seva), domain (dzina la webusaiti) ndi ziphaso za mapulogalamu ena kawirikawiri zimalipidwa m'madola. Ngati padzafunike pulogalamu ya pafoni, Google Play imalipiritsa madola 25 kamodzi kokha potsegula akaunti, pomwe Apple imalipiritsa madola 99 chaka chilichonse. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anasaina kontirakiti ya chaka chonse atakwirira zolipira za madola mu mtengo umodzi wa makwacha, anamaliza ntchito akulipirira kasitomala seva kuchokera m'thumba mwawo. Choncho zolipira zimenezi zilembedwe padera, kasitomala azilipira molingana ndi mtengo wa dola pa tsikulo, ndipo koteshoni yanu izinena kuti ikugwira ntchito masiku 30 okha.

Malipiro amangidwe pa zinthu zooneka, osati pa masiku a pakalendala. Kagawidwe kamene kamayenda bwino ndi 30 peresenti posaina, 30 peresenti mbali yolandira fizi ndi kulemba malisiti ikaonetsedwa ikugwira, 30 peresenti kasitomala akayesa n'kuvomereza, ndi 10 peresenti nthawi ya chitsimikizo (yokonza zolakwika ulere) ikatha. Musayambe ntchito dipoziti isanalowe mu akaunti. Onetsaninso ngati mtengowo uli ndi VAT kapena ayi, ndipo ngati kasitomala adzadule msonkho pa malipiro anu, akupatseni satifiketi yake yoti mudzaonetse ku MRA.

Zoyenera kulowa mu kontirakiti

Kontirakiti ionedwe ndi loya kamodzi, kenako muziigwiritsa ntchito posintha mayina ndi manambala. Iyankhe mafunso awa. Khodi ndi ya ndani, ndipo idzakhala ya kasitomala liti? Chanzeru ndi kunena kuti umwini udzasamuka ndalama yonse ikalipidwa, ndipo zidutswa zimene mumagwiritsa ntchito kwa makasitomala onse zikhalabe zanu. Kasitomala ayenera kupereka chiyani ndipo pofika liti? Akachedwa ndi mndandanda wa ana kwa masabata 2, tsiku lomaliza nalonso lisunthe masabata 2. Ali ndi masiku angati oyesa ntchito imene mwapereka? Ikani masiku 10 ogwira ntchito, ndipo akangokhala chete, ntchitoyo iwerengedwe kuti yavomerezedwa. Chitsimikizo ndi cha masiku angati? Pakati pa 60 ndi 90, chokonza zolakwika zokha, osati zowonjezera. Mukasiyana ntchito ili pakati, ndani atenga chiyani?

Musaiwale za chinsinsi. Sisitemu ya sukulu imasunga mayina a ana, manambala a makolo ndi ngongole zawo. Dziko la Malawi lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, loyang'aniridwa ndi MACRA, ndipo uthenga wotere si woti uzingoyenda pa flash kapena pa gulu la WhatsApp. Lembani amene ali ndi chilolezo choona detayo, kumene idzasungidwe, ndi kuti mudzafufuta makope anu ntchito ikatha.

Gwirani ntchito m'magawo a masabata awiri

Kusowa miyezi itatu n'kudzatulukira ndi sisitemu "yomalizidwa" ndi njira yachidule yopangira chinthu cholakwika. Masabata 2 aliwonse onetsani chinthu chogwira ntchito, pa kompyuta ya akauntanti, mbewa ya kompyutayo (mouse) ili m'manja mwawo osati mwanu. Pamene dzanja lawo laima osadziwa podina, pamenepo pali vuto la kapangidwe, lilembeni.

Yambani ndi chovuta. Ngati sisitemu idzalandire ndalama molunjika kuchokera ku mobile money kapena kubanki, kalata yopempha kulumikizidwa ipite sabata yoyamba. Pamafunika mapepala a kalembera wa bizinesi, akaunti ya m'dzina la sukulu ndi mafomu osainidwa, ndipo liwiro la zimenezi silili m'manja mwanu. Ambiri amayamba ndi tsamba lolowera ndi mitundu yokongola, n'kudzazindikira sabata yomaliza kuti chilolezo sichinatuluke.

Khodi yonse ikhale mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha zonse, kuyambira tsiku loyamba, ndipo izikankhidwa tsiku lililonse ku GitHub kapena GitLab, malo a pa intaneti osungirako khodi, chifukwa laputopu imabedwa ndipo imafa. Khalani ndi malo atatu osiyana: kompyuta yanu yopangirapo, seva yoyeserera imene kasitomala angalowepo, ndi seva yeniyeni. Ntchito zilembedwe pa bolodi limodzi, la pa intaneti monga Trello kapena ngakhale Excel, lokhala ndi mizere ya zodikira, zikuchitika, zikuyesedwa ndi zatha.

Lachisanu lililonse tumizani uthenga wa mizere yochepa: zimene zatha, zimene zikubwera, zimene mukudikira kwa iwo, ndi ngati tsiku lomaliza lidakali pomwepo. Mukaona kuti muchedwa, nenani tsiku lomwelo, ndipo mubwere ndi njira ziwiri zoti asankhe, kusuntha tsiku kapena kuchotsa zina. Kuwonjezera anthu pa ntchito yochedwa kale nthawi zambiri kumaichedwetsanso, chifukwa amene akuidziwa amasiya ntchito n'kuyamba kuphunzitsa alendowo.

WhatsApp ndi yabwino pokumbutsana, koma si posungira mgwirizano. Mwini sukulu akatumiza voice note ya mphindi 4 usiku, m'mawa mwake lembani imelo yaifupi yoti, "Bwana, momwe ndamvera mwapempha zakutizakuti, chonde tsimikizani." Chitani chimodzimodzi msonkhano uliwonse ukatha.

"Mungowonjezerako kakang'ono aka"

Mawu amenewa mudzawamva, ndipo si chizindikiro cha kasitomala woipa. Munthu akayamba kuona sisitemu ikugwira, maso amatseguka. Vuto ndi kuvomera pakamwa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada, ndipo pa ntchito yathuyi amene amagwa ndi wopanga.

Musakane, musavomerenso pomwepo. Nenani kuti, "N'zotheka, ndikuyankhani mawa za nthawi ndi mtengo." Kenako lembani fomu ya tsamba limodzi: chimene chapemphedwa, masiku owonjezera, ndalama yowonjezera, tsiku latsopano lomaliza, ndi malo osaina.

Taonani pempho looneka lophweka ngati lakuti sisitemu izitumiza SMS kwa makolo. Pakufunika kampani yotumizira mauthenga, dzina la sukulu lovomerezeka loonekera pa uthengawo, ndi munthu wolipira mwezi ndi mwezi. Manambala a makolo onse ayenera kukonzedwa kuti alembedwe mofanana. SMS imodzi imatenga zilembo 160, koma mukangoikamo chilembo ngati ŵ, uthengawo umasinthira ku kalembedwe kena kamene kamalola zilembo 70 zokha, ndipo uthenga umene unali umodzi umasanduka atatu pa bilu. Chulukitsani ndi makolo 600 teremu iliyonse. "Kakang'ono" kaja ndi sabata yathunthu komanso ndalama yosatha, ndipo kasitomala ali ndi ufulu wodziwa zimenezi asanasankhe.

Deta yakale ndi ndalama

Apa m'pamene nthawi imathera. Mafayilo a Excel a pasukulu amakhala ndi mwana mmodzi wolembedwa katatu m'masipelo osiyana, ana awiri a dzina limodzi m'kalasi imodzi, manambala a foni ena oyamba ndi 0, ena ndi +265, ena ataduka ziro chifukwa Excel inawaona ngati masamu. Gwirizanani kuti wokonza detayi ndi kasitomala, inu mungopereka fomu yoti adzaze ndi mndandanda wa mizere yokanidwa. Musamaganizire nokha kuti ngongole yoona ndi iti. Mwana aliyense apatsidwe nambala yakeyake, ndipo sisitemu izidalira nambalayo osati dzina.

Samutsani koyesera kawiri, kenako komaliza. Nthawi iliyonse fananitsani chiwerengero cha ana ndi ngongole yonse, kalasi ndi kalasi, mpaka pa tambala, ndipo akauntanti asaine kuti manambala oyambira ndi oona.

Pa khodi, malamulo atatu a ndalama sakambirana. Musasunge ndalama ngati float, mtundu wa nambala wa mu khodi umene susunga tizidutswa ndendende, chifukwa pa kompyuta 0.1 kuphatikiza 0.2 imapereka 0.30000000000000004, ndipo tizidutswa timeneti timadzaonekera pa lipoti la chaka. Gwiritsani ntchito mtundu wa decimal, umene umasunga tizidutswa ndendende, kapena sungani matambala ngati nambala yathunthu. Chachiwiri, nambala ya malipiro aliwonse (transaction) ilowe kamodzi kokha, chifukwa netiweki ikavuta uthenga wotsimikiza malipiro umatha kubwera kawiri, kapena munthu amadina batani kawiri. Chachitatu, lisiti lisamafufutidwe. Lolakwika lizithetsedwa ndi mzere wina wobweza, woonetsa amene wachita, nthawi ndi chifukwa chake.

Lamulo lomalizali si la ukadaulo chabe, limateteza anthu. Ku Britain, pakati pa 1999 ndi 2015, oyendetsa nthambi za Post Office opitirira 900 anazengedwa milandu chifukwa sisitemu ya Horizon, yopangidwa ndi Fujitsu, inkaonetsa ndalama zosowa zimene sizinasowe. Ena anamangidwa, ena anagulitsa nyumba kuti abweze. Sisitemu yanu ikalakwitsa, amene adzaitanidwe ku ofesi ya bwana kuti afotokoze ndi akauntanti uja anakupatsani mpando pakona. Mpatseni njira yodzitetezera.

Kuyesa ndi kuyamba kugwiritsa ntchito

Sandutsani chiganizo chilichonse cha m'chikalata chija kukhala mzere woyesa: chochita, chimene chiyenera kuoneka, ndi bokosi lochonga. Mafunso a "nanga" aja onse alowemo. Woyesa akhale amene adzagwiritse ntchito, pa kompyuta ndi pulinta zenizeni. Zulani chingwe cha intaneti lisiti lili pakati, zimitsani kompyuta mwadzidzidzi, muone chimene chatsala. Zopezeka zigawidwe pawiri: cholakwika ndi chimene chikusemphana ndi chikalata, ndipo mumakonza ulere, pomwe china chilichonse ndi pempho latsopano lopita pa fomu ija.

Musayambitse sisitemu Lachisanu, kapena tsiku lotsegulira teremu. Sankhani sabata yabata pakati pa teremu, ndipo kwa mwezi umodzi buku la kaboni lipitirire limodzi ndi sisitemu, madzulo aliwonse manambala afananitsidwe. Masiku 2 oyamba mukhale pamalopo. Phunzitsani anthu osachepera awiri, kuti wina akadwala kapena akasiya ntchito ofesi isaime, ndipo siyani pepala limodzi la malangizo lomatidwa pakhoma pafupi ndi kompyuta.

Backup, kutanthauza kukopera deta yonse n'kuisunga padera, izichitika yokha tsiku lililonse. Khalani ndi makope 3, pa zosungira za mitundu 2, imodzi ili kunja kwa nyumbayo. Koposa zonse, yesani kubwezeretsa. Pa 31 January 2017, wogwira ntchito ku GitLab anafufuta mwangozi database yeniyeni, nkhokwe ya deta yawo, ndipo atafuna kubwezeretsa anapeza kuti njira zawo zingapo za backup sizinkagwira. Anataya deta ya maola pafupifupi 6. Tengani backup ya dzulo, muiike pa kompyuta ina kasitomala akuona, atsegule afufuze lisiti limene analemba dzulo. Bwerezani zimenezi teremu iliyonse.

Kupereka makiyi

Domain, hosting, akaunti ya SMS ndi ya mobile money zikhale m'dzina ndi imelo ya sukulu kuyambira pachiyambi, inu mungopatsidwa chilolezo cholowa. Kusunga zimenezi m'dzina lanu kuti kasitomala asathawe kumawononga mbiri yanu ndi ya onse a ntchitoyi, ndipo mukadwala kapena mukasamuka, sukulu imatsala pamtunda.

Ndalama yomaliza ikalowa, perekani khodi, mapasiwedi onse kwa mwini sukulu yekha, malangizo oikira sisitemu pa seva yatsopano olembedwa moti wopanga wina angawatsatire, ndi kalata yolandirira ntchito yosainidwa mbali zonse.

Chitsimikizo chisanathe, kambiranani za chisamaliro cha mwezi ndi mwezi: maola angati, nthawi yoimbira foni, ndi liwiro loyankhira. Mwachitsanzo, sisitemu ikaima kotheratu muyankhe pasanathe maola 4 a ntchito, pomwe vuto laling'ono lidikire masiku 3. Pomaliza lembani masiku otha ntchito pa kalendala yanu ndi ya kasitomala. Domain kawirikawiri imalipidwa chaka ndi chaka, satifiketi ya chitetezo cha webusaiti yochokera ku Let's Encrypt imatha pa masiku 90 ngati kudzikonzanso kwake kwalephera, ndipo khadi yolipirira seva nayo ili ndi tsiku lake lothera. Ikani chikumbutso masiku 30 tsiku lililonse mwa amenewa lisanafike, ndi china sabata imodzi teremu isanatsegulidwe, choti muyang'ane malo otsala pa seva, backup ya usiku wapitawo, ndi mitengo yatsopano ya fizi ngati yalowetsedwa.